Chithunzi cha Maria cha Bellini chija, chilembedwe pa Wikipedia kapena ayi?

Achemwali ena omwe akugwira ntchito ku England andilembera kalata yaitali ndithu, ndingoifupikitsa. Akuti tsiku la ofu anakayenda ku National Gallery, myuziyamu ya zithunzi ku London, nde anakaima nthawi yaitali pa chithunzi cha Giovanni Bellini, wojambula wakale wa ku Venice ku Italy, chotchedwa Madonna of the Meadow, chija Amayi Maria akhala pansi mwana Yesu ali mtulo pamiyendo, kumbuyo kuli ng'ombe. Chinawagwira mtima mpaka anayamba kulemba nkhani yake pa Wikipedia ya Chichewa, koma mnzawo wa kukwaya wawagwetsa mphwayi, akuti zithunzi za Maria zilipo masauzande chapadera n'chiyani pa chimenechi, komanso Wikipedia si tchalitchi. Funso lachiwiri akuti ku parishi komwe amapemphera kuli chithunzi china chakale, chodetsedwa ndi utsi wa makandulo, abambo mfumu amati ndi cha ku Italy cha m'ma 1500, kodi nachonso angachitsegulire tsamba?

Achemwali, zikomo kwambiri polemba, funso lanu landisangalatsa chifukwa chithunzi chimenecho nanenso ndimachikonda zedi. Cha Bellini lembani, musachite mantha, chikuyenera tsamba lakelake. Cha ku parishi dikirani kaye, pakali pano ndinganene kuti ayi. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati kukondera poti zonse ndi zithunzi za Maria, zonse ndi zakale, mwina cha ku parishi n'chimene mumachiona Lamulungu lililonse ndipo chili pafupi ndi mtima wanu kuposa chinacho, nde ndiloleni ndifotokoze bwinobwino pomwe pagona kusiyana.

Wikipedia sifunsa ngati chinthu chili chokongola, chopatulika, chakale kapena chodula. Imafunsa funso limodzi lokha, kodi alipo anthu odalirika amene analembapo kale za chinthu chimenechi mozama, anthu oti si eni ake? Lamulo limeneli amalitcha notability. Ine ndimalifanizira ndi bwalo la amfumu. Mukapita ndi mlandu wa malire a munda, olo mutalankhula mokoma chotani, olo munda utakhaladi wanu kuyambira kwa agogo anu, amfumu amafunsabe kuti mboni zanu zili kuti. Mukabweretsa amuna anu ndi alamu anu basi, anthu amayamba kung'ung'udza kuti amenewa ndi a m'nyumba momwemo. Mukabweretsa munthu wodutsa amene angonena kuti eya ndinawaonapo akulima tsiku lina, nayenso sathandiza kwenikweni. Chofunika ndi mboni zingapo, zoti si abale anu, zodziwika kuti sizinama, ndipo zoti nkhaniyo zikuidziwa kuchokera pa chiyambi. Pa chithunzi, mboni zake ndi mabuku a akatswiri, makatalogi a myuziyamu, magazini a maphunziro a zojambula, nyuzipepala zikuluzikulu. Kungotchulidwa mzere umodzi pa mndandanda sikukwanira, pakufunika ndime zenizeni zokamba za chithunzi chimenecho osati za wojambula chabe.

Tsopano tione cha Bellini ngati mboni chili nazo. National Gallery inachigula mu 1858, nambala yake ndi NG599, kukula kwake ndi pafupifupi masentimita 67 kutalika ndi 86 mulifupi, ndipo chinajambulidwa cha m'ma 1500 mpaka 1505 Bellini ali nkhalamba kale. Chosangalatsa n'choti pochigula sankadziwa kuti ndi cha Bellini, ankati ndi cha Marco Basaiti, wojambula wina wa ku Venice wocheperapo mbiri, mpaka mu 1928 pomwe katswiri wa ku Germany Georg Gronau anachibwezera kwa mwini wake. Zaka 70 chili pa dzina la munthu wina! Mu 1949 penti wake anamusamutsa kuchoka pa thabwa lake lakale, ntchito yoopsa kwambiri imene masiku ano akatswiri amaipewa, amamata nsalu kapena pepala kumaso kwa chithunzi kuti penti asaphwanyike kenako n'kumapala thabwa kumbuyo pang'onopang'ono mpaka patatsala kachikopa ka penti kokha, n'kukamata pa china chatsopano. Malo ena a chithunzichi ndi owonongeka. Zonsezi sindikuzichotsa m'mutu mwanga ayi, zinalembedwa. Martin Davies analemba katalogi ya zithunzi zakale za ku Italy za mu National Gallery mu 1951 n'kuikonzanso mu 1961, Rona Goffen anatulutsa buku lathunthu la Bellini mu 1989, ndipo magazini ya National Gallery yofufuza za penti ndi matabwa, Technical Bulletin, mu 2018 inatulutsa voliyumu yonse yokamba za kajambulidwe ka Bellini. Wina anganene kuti katalogi ya National Gallery ndi ya eni ake a chithunzi nde ndi m'bale, zoona pang'ono, n'chifukwa chake mumaiphatikiza ndi mabuku a anthu akunja, koma pa chithunzi ichi akunja alipo ambirimbiri, palibe vuto.

Ndiye mnzanu akamati chapadera n'chiyani, ndikanakonda mukamutenge tsiku lina mukaime naye pomwepo, paja polowa salipiritsa. Muonetseni kaye kuti Maria sanakhale pa mpando wachifumu ngati m'zithunzi zambiri, wakhala pansi penipeni, panthaka, ngati mayi wa kumudzi amene watopa ndi ulendo. Nsalu yake yabuluu yayalika mpaka yapanga ngati phiri la makona atatu, ndipo buluu wa mtundu umenewo nthawi imeneyo wodula kwambiri ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku Badakhshan ku Afghanistan, unkadutsa pa doko la Venice, mtengo wake pena unkapikisana ndi golide, nde ankausungira chovala cha Maria. Manja awagundaniza akupemphera, nsonga za zala zokha ndi zimene zakhudzana. Mwanayo wagona koma kagonedwe kake kakusautsa mtima mukakayang'anitsitsa, thupi lawongoka, khungu latuwa, maso atsekeka, kadzanja kali pachifuwa. Aliyense wa ku Venice wa nthawi imeneyo akaona ankadziwa kuti apa akutikumbutsa za tsiku lina lomwe mayi yemweyu adzanyamule mwana yemweyu pamiyendo atamutsitsa pamtanda. Bellini mwini wake anajambulanso chithunzi cha tsiku limenelo, Pietà ili ku Accademia ku Venice, Maria atakalamba wakhalanso pansi m'dambo mtembo uli pamiyendo, ndipo mukaziika pafupi ziwirizi mumaona kuti ndi nkhani imodzi, poyamba ndi pomaliza.

Kenako muonetseni kumbuyo. Kumanzere kuli mbalame yakuda yatera pa mtengo wopanda masamba, yangoti ndee, ambiri amati ikuimira imfa. Pansi pake mbalame yoyera ngati kakowa yatambasula mapiko ikulimbana ndi njoka, akatswiri ena amati ndi chabwino chikulimbana ndi choipa. Kumanja ng'ombe, abusa, chitsime, tauni ya mpanda ndi nsanja pa kaphiri, mitambo yowala mbali imodzi n'kuda mbali ina ngati mvula yangokata kumene. Ndipo anthu onsewo kumbuyoko palibe amene akuyang'ana Maria, aliyense ali pa ntchito yake, ng'ombe zikudya, tsiku likuyenda ngati masiku onse. Sindikudabwa kuti inu munaima pamenepo, munthu wokulira pafupi ndi khola amachimva chithunzichi msanga. Albrecht Dürer, wojambula wa ku Germany, ali ku Venice mu 1506 analembera mnzake kuti Bellini ndi wokalamba kwambiri koma ndi iye akuposabe onse pojambula, ndipo Giorgione ndi Titian omwe anadzatchuka pambuyo pake anaphunzira kuchokera kwa iye. Nde si chithunzi wamba ayi.

Komabe mnzanuyo musamutaye, pali pomwe akunena zoona. Zithunzi za Maria ndi mwana za nthawi ya Renaissance, cha m'ma 1400 ndi m'ma 1500, zilipodi masauzande ndipo zambiri sizingakhale ndi tsamba lakelake. Nthawi imeneyo wojambula wotchuka sankagwira ntchito yekha, anali ndi shopu yodzaza ndi anyamata ophunzira ntchito, ena akupera penti, ena akukonza matabwa ndi kuwapaka choko, ena akukopera chojambula cha abwana pa thabwa latsopano, chimodzimodzi kalipentala wamkulu amene mipando yonse yotuluka pa shedi yake imatchedwa ndi dzina lake olo iye sanagwire randa. Banja lililonse lopata ku Venice linkafuna Maria wake wa m'chipinda wopemphererapo, nde shopu ya Bellini inkatulutsa ambiri, ndipo dzina loti IOANNES BELLINVS, dzina lake m'Chilatini, limapezeka olo pa zithunzi zimene akatswiri amati ndi manja a anyamata ake. N'chifukwa chake mumamva mawu oti workshop of, circle of, follower of, after, ndipo mawu amenewa ndi makwerero otsika, workshop ndi shopu yake, circle ndi anzake a nthawi yomweyo, follower ndi womutsanzira, after ndi kope chabe. Pa Wikipedia amati kutchuka si chuma chamasiye choti mwana n'kulowa, kutchuka kwa Bellini sikutsikira pa thabwa lililonse lomwe pali dzina lake. Thabwa lililonse libweretse mboni zake.

Ndikupatseni chitsanzo chimene chili m'nyumba yomweyo munapitayo, mwina munachidutsa chifukwa n'chaching'ono, sichifika olo pepala la A4 kutalika, masentimita pafupifupi 28 ndi 22. Ndi Madonna of the Pinks cha Raphael, wojambula wina wotchuka wa ku Italy, Maria akusewera ndi mwana atagwira timaluwa. Kwa zaka zambiri chinkangopachikika mu kolido ku Alnwick Castle, nyumba ya Duke wa Northumberland, aliyense akudziwa kuti ndi kope chabe pakati pa makope ambiri a chithunzi chomwe chinasowa. Mu 1991 Nicholas Penny wa ku National Gallery anachiona, chinamukayikitsa, anapempha kuti akachiunike. Atachiunika ndi kamera ya infrared, imene imaona kupyola penti, anapeza kuti pansi pali zojambula zoyambirira ndipo wojambulayo ankasintha maganizo akujambula, chinthu chimene wokopera sachita, wokopera amangotsata mizere yomwe ilipo kale. Penny analemba nkhani yake mu Burlington Magazine mu 1992, mkangano unabuka, ena akuvomera ena akukana, mpaka mu 2004 National Gallery inachigula pa mapaundi 22 miliyoni. Tsopano taganizani, mu 1990 ndi mu 1992 chithunzi chinali chomwecho, penti yemweyo, kukongola komweko, thabwa lomwelo. Chinasintha n'chiyani? Anthu anayamba kulemba basi. Chikhala kuti Wikipedia inalipo mu 1990, paja inayamba mu 2001, chithunzi chimenechi sichikanakhala ndi tsamba, ndipo pa nthawiyo kukana kukanakhala kolondola ngakhale chinali cha Raphael weniweni.

Za mtengo ndingodutsapo mwachangu chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndalama ndi zimene zimatsegula tsamba. Salvator Mundi, chithunzi cha Yesu wodalitsa chimene amati ndi cha Leonardo da Vinci, mu 1958 chinagulitsidwa mapaundi 45 okha ku London, mu 2005 madola 1,175 ku New Orleans, kenako mu November 2017 madola 450.3 miliyoni pa okushoni ya Christie's ku New York. Mpaka lero akatswiri akukanganabe kuti dzanja la Leonardo lilipo lochuluka bwanji. Koma olo mawa atagwirizana onse kuti si chake, tsamba lake silingafufutidwe, chifukwa mkangano womwewo wadzaza mabuku ndi nyuzipepala. Chimene chikuchisunga pa Wikipedia ndi zolembedwazo, osati madolawo.

Pa mfundo yoti Wikipedia si tchalitchi, apanso mnzanu wanena zoona koma wazigwiritsa ntchito molakwika. Palibe lamulo loletsa nkhani za chipembedzo. Mgonero Womaliza wa Leonardo, uja umapachikika m'masitingirumu ambiri kwathu pafupi ndi kalendala, uli ndi tsamba m'zilankhulo zambirimbiri, ndipo muli zonse, kuti anaujambula pakati pa 1495 ndi 1498 pa khoma la chipinda chodyera cha amonke ku Santa Maria delle Grazie ku Milan, kuti mu 1652 anaboola khomo pansi pake mpaka mapazi a Yesu anadulidwa, kuti mu 1943 bomba linagwetsa mbali ya nyumbayo khomalo n'kupulumuka. Chimene lamulo limafuna ndi kalembedwe. Tsamba limafotokoza, sililalikira. Inu ndinu munthu wa korona ndikudziwa, dzanja lidzafuna kulemba kuti Amayi athu oyera atipempherere, koma pa tsamba mudzalemba kuti chithunzichi chikuonetsa Maria, amayi a Yesu, atakhala pansi. M'malo molemba kuti mwanayu anabwera kudzatifera mudzalemba kuti akatswiri amati kagonedwe ka mwanayo kakulozera ku imfa ya Yesu, n'kuika buku lomwe lanena zimenezo. Izi si kukana chikhulupiriro chanu ayi, ndi kulemba moti Msilamu wa ku Mangochi, m'bale wa mpingo umene sulola zithunzi m'kachisi, ndi mwana wa sukulu amene akungofuna kudziwa, onse awerenge n'kupindula popanda womva kuti akukokedwa. Komanso mawu oti n'chokongola kwambiri kapena chinandiliza musawaike, amenewo ndi anu, asungeni. Ngakhale zimene mwaziona nokha ndi maso anu, monga kuti ng'ombe zija zikufanana ndi za kwathu, pa tsamba sizilowa ngati palibe amene anazilemba kale. Lamulo limeneli limapweteka poyamba, ine linandivuta chaka chathunthu, koma ndi lomwe limateteza tsamba lanu kuti wina asadzabwere kudzaikamo maloto ake.

Tibwere ku cha ku parishi. Mawu a abambo mfumu ndimawalemekeza ndipo mwina akunenadi zoona, matchalitchi a ku England ali ndi zithunzi zambiri za ku Italy zimene anthu olemera ankabwera nazo kuchokera ku maulendo awo m'ma 1700 ndi m'ma 1800 n'kudzazipereka ku tchalitchi. Kungoti zambiri mwa zimenezo ndi makope opangidwa zaka mazana awiri kapena atatu pambuyo pa mwini wake, chifukwa ku Florence ndi ku Rome kunali anthu amene ntchito yawo inali kukopera basi n'kumagulitsa kwa alendo. Utsi ndi vanishi wakale zimadetsa chithunzi cha 1850 mpaka kuoneka ngati cha 1520. Koma olo chitakhala chenicheni cha 1520, funso likadali lomwe lija, analembapo ndani? Ngati yankho ndi kapepala ka mbiri ya parishi kamene kamagulitsidwa pakhomo ndi mawu a pakamwa a abambo mfumu, ndiye mboni zanu ndi a m'nyumba okhaokha. Pa Wikipedia ya Chingerezi tsamba lotere wina amalipereka kuti likambidwe, anthu amakambirana masiku 7, ndipo kawirikawiri amalifufuta kapena kuliphatikiza ku tsamba lina. Ya Chichewa anthu ake ndi ochepa nde mwina lingakhale miyezi osakhudzidwa, koma kusaonedwa si kuvomerezedwa, ndipo wowerenga wathu sayenera kupatsidwa zinthu zosatsimikizika chifukwa choti palibe mlonda.

Ine zinandichitikirapo. Zaka zapitazo ndili ku Italy ndinalowa mu katchalitchi kakang'ono ka m'mudzi kuthawa dzuwa, mkati mozizira muli fungo la sera ndi maluwa ofota, agogo ena akusesa, nde pa guwa la m'mbali panali chithunzi cha mngelo Gabrieli akuuza Maria uthenga. Penti anali atayamba kusweka ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe koma nkhope ya Maria inali yamantha enieni, mantha a mtsikana wamng'ono, dzanja limodzi lagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinakhala pa benchi pafupifupi ola. Nditabwerera ndinatha masabata awiri m'laibulale kufufuza kuti ndichilembere tsamba, ndinapeza mzere umodzi m'buku la alendo ndi kapepala ka parishi basi. Sindinalembe. Zinandiwawa ndipo mpaka pano ndimachikumbukira chithunzicho kuposa zambiri zotchuka, koma ndikanalemba ndikanakhala ndikudzipanga ndekha mboni, woweruza ndi mwini mlandu.

Sikuti ndiye palibe chochita. Pemphani abambo mfumu ngati pali mafailo a parishi kapena a dayosizi onena amene anapereka chithunzicho ndi chaka chake. Ngati chinatsitsidwapo pokonza, funsani ngati wina anajambula kumbuyo kwake, chifukwa kumbuyo n'kumene kumakhala nkhani, zidindo za sera, manambala a okushoni, timapepala ta ogulitsa. Inu nokha musachitsitse kapena kuchipukuta ndi kansalu konyowa chonde, zithunzi zambiri zawonongeka ndi anthu a mtima wabwino. Onaninso ngati tchalitchi chanucho chili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa wa Historic England, komanso mabuku a Pevsner amene amafotokoza nyumba zakale chigawo ndi chigawo, pena amatchulamo zithunzi za m'kati. Ngati tchalitchicho chili ndi tsamba kale, chithunzi chingalowe mmenemo ndime imodzi yokhala ndi gwero lake, malo amenewo ndi olemekezeka ndithu. Kulinso Wikimedia Commons komwe mungaike chithunzi chimene mwajambula ndi foni mutapempha chilolezo, ndi Wikidata, kaundula wa zinthu wogwirizana ndi Wikipedia, komwe khomo lake ndi lotakata kuposa Wikipedia, kuli anthu odzipereka amene akuyesa kulembetsa zithunzi zojambulidwa pamanja za m'malo osungira zinthu padziko lonse. Tsiku lina katswiri akadzachiona n'kulemba, monga zinachitikira cha Raphael chija, tsamba lidzatseguka lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu china chimene sindingachibise chifukwa chimandisautsa. Lamulo la mboni zolembedwa limakomera maiko amene akhala akulemba mabuku a zojambula kwa zaka mazana asanu, Giorgio Vasari anatulutsa buku la mbiri za ojambula a ku Italy mu 1550, nde ngakhale wojambula wamng'ono wa ku Venice ali ndi katswiri wake. Kwathu zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zili ndi tsamba chifukwa UNESCO inazilemba mu 2006 ndipo ofufuza analembapo, za ku Kungoni ku Mua komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 nazo zalembedwapo, koma zithunzi ndi ziboliboli zambiri zabwino za m'matchalitchi athu palibe amene anazilemba, ojambula ake ena anamwalira dzina osalembedwa paliponse. Mankhwala ake si kufewetsa lamulo kuti aliyense azilemba za m'mutu, ndi kuti ophunzira athu, atolankhani athu, ma dayosizi athu ayambe kulemba ndi kusindikiza, Wikipedia idzatsatira pambuyo. Ndipo wina asakuuzeni kuti polemba za Bellini mwataya za kwanu. Mwana wa ku Ntcheu ali ndi ufulu wowerenga za Venice m'chilankhulo chake monga mwana wa ku Venice amawerengera za Nyanja ya Malawi m'Chitaliyana.

Polemba penipeni, samalani zinthu zingapo. Chithunzicho chili kale pa Commons ndipo mungachigwiritse ntchito mwaulere poti Bellini anamwalira mu 1516, umwini wake unatha kalekale. Koma mawu a pa webusaiti ya National Gallery ali ndi eni ake, musawakopere olo kuwamasulira mzere ndi mzere, werengani, tsekani, mulembe m'mawu anu, kenako muike gwero. Wikipedia ya Chingerezi ndi ya Chitaliyana zili nalo kale tsamba la chithunzichi, mungamasulire kuchokera kumeneko bola munene pa mbiri ya tsamba kuti mwamasulira, komabe Wikipedia si mboni ya Wikipedia inzake, magwero ake muwatsegule nokha muone ngati akunenadi zimenezo. Mabuku musagule, khadi ya laibulale ya khonsolo ndi yaulere ndipo angakuitanitsireni, National Art Library ku myuziyamu ya Victoria and Albert ku London kulembetsa n'kwaulere, pa JSTOR, webusaiti ya magazini a maphunziro, mukatsegula akaunti mumawerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse osalipira, ndipo mukadzakwanitsa miyezi 6 pa Wikipedia ndi ma edit 500, ndiko kuti kulemba kapena kukonza masamba ka 500, mudzatha kulowa mu The Wikipedia Library, laibulale ya pa intaneti ya olemba Wikipedia, momwe muli zambiri.

Mutu wa tsamba musiye dzina lodziwika, Madonna of the Meadow kapena la Chitaliyana Madonna del Prato, kenako mu chiganizo choyamba mufotokoze kuti tanthauzo lake ndi Maria wa m'dambo, kuti wofufuza pa intaneti alipeze. Chiganizo choyambacho chinene zonse zofunika, wojambula, zaka, komwe chili. Kenako chimene chikuoneka pa chithunzi, kenako mbiri yake ya Basaiti ndi Gronau ndi 1949 ija, kenako zimene akatswiri amati chikutanthauza, ndipo pomwe akusiyana maganizo, monga mtundu wa mbalame zija, munene kuti akusiyana osasankha mbali. Ndime zinayi kapena zisanu zokhala ndi magwero atatu olimba zakwana. Muonenso ngati Bellini mwini wake ali ndi tsamba m'Chichewa, ngati palibe yambani ndi limenelo olo lalifupi, kuti wowerenga akadina pa dzina lake asagwere pa linki yofiira. Mukamaliza munditumizire ndidzaliwerenge, ndipo mukapeza chilichonse kumbuyo kwa chithunzi cha ku parishi chija, olo nambala yolembedwa ndi choko, mundiuzenso.